Kusiyana kwa "blue-collar" ndi "white-collar"

Achimwene, mwafunsa chifukwa chomwe Chingerezi chimasiyanitsira antchito ndi mawu akuti "blue-collar" ndi "white-collar". Nkhani yagona pa kolala ya malaya. Ku America, ogwira ntchito m'mafakitale, m'migodi ndi amakaniko ankavala malaya kapena maovololo abuluu, poti girisi ndi fumbi sizionekera msanga pa nsalu yotere. Amenewa ndiwo "blue-collar". Ineyo zimandiwawa mawuwa akamanenedwa monyoza, chifukwa wowotcherera zitsulo waluso amatha kupeza ndalama kuposa kalaliki wovala tayi.

A mu ofesi ankavala shati yoyera, ndiye "white-collar". Mu 1939, Edwin Sutherland, katswiri wa ku America wofufuza za umbanda, anatcha chinyengo ndi katangale wa mabwana "white-collar crime". Palinso "pink-collar", ntchito zomwe kuyambira kale zimachuluka amayi, monga unamwino ndi usekilitale.