Injini yatsopano koma boti layamba kudumpha ngati chule

Sabata yathayi ndalandila imelo kuchokera kwa bambo ena a ku Chelstone, ali ndi kaboti ka fiberglass ka mamita 4 ndi theka komwe amakoka pa tirela kupita nako ku Siavonga pa nyanja ya Kariba kapena pa mtsinje wa Kafue. Akuti anachotsa injini ya Yamaha Enduro 40 ya two-stroke, ya ma horsepower 40, nkuikapo ya 60 ya four-stroke, ndiye kuyambira tsiku lomwelo boti lasintha khalidwe. Ponyamuka mphuno imaloza kumwamba mpaka kutsogolo osaonako, likathamanga limadumphadumpha, limapendekera kumanzere, chiwongolero nacho chimakokera kumanja mpaka mkono kuwawa. Funso lawo nlakuti kodi anawagulitsa injini yakufa, kapena agule chipsepse chija amamanga kumunsi kwa injini?

Bambo, injini yanu ilibe mlandu. Chomwe chachitika nchakuti mwakhazika munthu wina kumbuyo kwa boti yemwe satsika. Enduro 40 imalemera makilo 70 ndi pang'ono, pomwe 60 ya four-stroke imapitirira makilo 110, ndiye kusiyana kwake ndi pafupifupi makilo 40, kungotsala pang'ono kukwana mathumba awiri a bulekifasi a 25 kg, ndipo kulemera konseku kwapachikika kunja kwenikweni kwa boti, kumapeto. Kuonjezera apo ndikudziwa batire munaiika pakona yakumbuyo, thanki ya petulo pompo, inunso mumakhala chakumbuyo komweko. Boti laling'ono silingapirire zimenezo, limakhala pansi ndi matako basi.

Koma tisanapite patali, pitani kaye mukaone kachitsulo kaja opanga boti amakhomera pafupi ndi chiwongolero kapena kumbuyo, kamene kamanena ma horsepower omwe botilo lingalandire. Ngati kalembedwa 50 inu mwaika 60, nkhani yathera pomwepo, zonse ndilembe pansipa sizikuthandizani. Chinanso gwirani injini kumunsi muigwedeze mwamphamvu boti lili pa tirela. Khoma lakumbuyo lija, transom, m'maboti akale ambiri mkati mwake ndi pulayiwudi, ndipo madzi akalowera m'mabowo a mabawuti imaola mwakachetechete kunja kukuoneka bwinobwino. Likamapindika kapena mukaona ming'alu m'makona, osalowa nalo m'madzi. Msewu wa ku Siavonga wokhawo, ndi mapiri aja komanso mabampu, umaligwedeza kale khomalo injini yolemera ikulendewera.

Ngati zonsezo zili bwino, yambani ndi zaulere. Samutsani katundu. Petulo lita imodzi ndi pafupifupi magalamu 750, ndiye thanki ya malita 25 yodzaza ndi makilo 20 kuwerengera thanki yomwe, batire nayonso si yopepuka. Zipititseni kutsogolo, kungoti batire ikapita kutali pamafunika mawaya okhuthala, apo ayi sitata idzangolira kuti tche tche. Ine zinandichitikira pa boti la mlamu wanga ku Siavonga, tinatha tsiku lonse tikutukwana makaniko yemwe anamanga injini, mawa lake tinangokankhira thanki ndi cooler box kumphuno, kudumpha kuja kunachepa ndi theka osagula kanthu. Manyazi ake ndinapepesa ndi Mosi ziwiri.

Kenako trim, kupendeketsa injini kulowa mkati kapena kutuluka kunja, apa mpomwe ambiri amalakwitsa. Pa Enduro paja panali kachitsulo kolowetsa m'mabowo, mumaika kamodzi nkuiwala. Yatsopanoyi ili ndi batani, ndipo batani limenelo si lokwezera injini pa tirela pokha ayi. Ponyamuka injini ikhale yolowa mkati, trim pansi penipeni, kuti ikankhe mphuno pansi. Boti likayandama pamwamba pa madzi ndiye muzikweza pang'onopang'ono, mukamva layamba kudumpha bwezani pansi pang'ono, pamenepo ndiye pamalo pake. Kudumpha kuja kumabwera chifukwa injini ikunyamula mphuno koma boti silingaigwire m'mwamba, imagwa, nkunyamukanso, choncho choncho. Ndipo dziwani kuti mukasiya trim pansi nthawi zonse, kupendekera kumanzere ndi kukoka kwa chiwongolero kumakula.

Kupendekerako nkwa pulopela. Imazungulira kumanja ndiye imapotoza boti kumanzere, mphamvu zikachuluka kupotozako kumachulukanso. Nchifukwa chake woyendetsa m'maboti ambiri amakhala kumanja. Ikani batire kumanja muone. Za chiwongolero, pamwamba pa pulopela pali kachipsepse kakang'ono komangidwa ndi bawuti imodzi, masulani, mutembenuzire mchira wake kumbali yomwe boti likukokera, kwa inu kumanja, pang'ono chabe, mumange muyese.

Onaninso kutalika komwe anamangira injini. Ikani thabwa loongoka pansi pa boti lituluke kumbuyo, mbale yafulati ili pamwamba pa pulopela ija izikhala mulingo umodzi ndi pansi pa boti, kapena kukwera pang'ono. Ikamira kwambiri imakoka madzi, imawaza madzi kumbuyo, boti limavuta kuwongola. Ikakwera kwambiri pulopela imameza mpweya pokhota injini nkumangolira. Pali mabowo angapo okwezera, sunthani bowo limodzi nthawi imodzi. Ndipo funsani shaft yake, kutalika kwa mwendo wa injini, pali ya mainchi 15, 20 ndi 25, ndaonapo anthu atagula ya 20 pa boti lofuna 15 chifukwa inali yotchipa pa Facebook.

Pulopela musaithamangire. Injini ngati yanuyi mukaponda mpaka kumapeto iyenera kufika pakati pa 5000 ndi 6000 rpm, kuzungulira kwa injini pa mphindi imodzi. Ikalephera ndiye pitch yakula, mtunda womwe pulopela imayenda ikazungulira kamodzi, kutsitsa inchi imodzi kumakweza rpm ndi 150 kapena 200, ndipo boti limanyamuka msanga mphuno osakhalitsa m'mwamba. Apa pali kanthu kena ka kwathu kuno: Kariba ili mamita osakwana 500 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, pomwe Kafue ili pafupifupi 1000. Mpweya kumtunda ndi wochepa, injini imataya mphamvu pang'ono, ndiye musadabwe boti likamakoka bwino ku Siavonga koma pa Kafue nkumachita ulesi ndi anthu omwewo.

Chipsepse mukufunsacho, hydrofoil, chimagwira ntchito sindikana, chimanyamula matako a boti. Koma ine sindikonda kuyamba nacho chifukwa chimabisa vuto, zina zimafuna kuboola injini yatsopano, ndipo pa liwiro lalikulu maboti ena amakhota mwaukali nacho. Chikhale chomaliza zina zonse zikakanika.

Poyesa pitani m'mawa madzi ali bata, Kariba masana mphepo ikauka simungasiyanitse kudumpha kwa boti ndi kwa mafunde. Sinthani chinthu chimodzi, yendani, lembani, kenako china. Jekete yoyandamitsa muvale, chingwe chozimitsira injini chija mumange pa mkono, ana asiyeni kumtunda tsiku limenelo. Boti likayamba kugwedera uku ndi uku pa liwiro lalikulu, chepetsani moto pang'onopang'ono, osadula kamodzi, mu Kafue muja muli mvuu ndi ng'ona sikosambirako. Mukabwerako munditumizire chithunzi cha kachitsulo ka ma horsepower kaja ndi rpm yomwe mwapeza, tidzaone za pulopela.