Wapampando akutula pansi udindo: muyambire pati?

Mwafunsa kuti muchite chiyani poti wapampando wa gulu lanu lolankhulira anthu okwera sitima yapamtunda akutula pansi udindo, koma palibe wina wodziwa bwino ntchito zomwe amagwira.

Yambani ndi malamulo a gulu. Onani kuti chisankho chiyenera kulengezedwa kutatsala masiku angati, komanso mamembala angati ayenera kupezeka kuti chikhale chovomerezeka. Mukadumpha apa, wogonja adzapeza pogwira.

Koma chovuta chenicheni ndi zomwe zili m'mutu mwa wotulayo. M'magulu a anthu odzipereka, kawirikawiri munthu mmodzi ndiye amadziwana ndi akuluakulu a kampani ya sitima, a ku ofesi ya boma yoona zamtengatenga, ndi atolankhani. Akachoka, madandaulo a kuchedwa kwa sitima kapena kukwera mtengo kwa matikiti amasowa kolowera. Mupempheni alembe zonse: dzina la munthu, udindo wake, nkhani yomwe ikukambidwa, ndi malonjezo omwe sanakwaniritsidwe. Kenaka apite limodzi ndi wolowa m'maloyo ku misonkhano iwiri kapena itatu, akamudziwitse kwa anthuwo maso ndi maso. Kalata yokha imangogonera mu fayilo.

Za kubanki musazengereze. Kusintha osayinira kumafuna maminitsi a msonkhano osayinidwa, ndipo kumatenga nthawi. Osayinira akhale atatu, koma awiri azisayina ndalama iliyonse ikamatuluka. Mapasiwedi a imelo ndi tsamba la Facebook asinthidwe tsiku lomwelo.

Wotulayo akhale mlangizi wopanda voti kwa miyezi 6 basi. Akapitirira apo, mamembala amangothamangirabe kwa iye, watsopanoyo n'kukhala wapampando wa dzina lokha.