Kanema wa nkhanza za apolisi: asungidwe bwanji kuti agwire ntchito kukhoti?

Wowerenga wina watilembera pa imelo kuti: "Gulu lathu limathandiza anthu ophwanyiridwa ufulu. Pa zionetsero tidajambula apolisi akumenya anthu, koma loya akuti kanema wathu ngwofooka. Tidalakwitsa pati?"

Zikomo pofunsa. Kujambulako simudalakwe. Ndime 21 ya ICCPR, pangano la mayiko la 1966 loteteza ufulu wa anthu, imateteza ufulu wosonkhana mwamtendere, ndipo ndime 7 imaletsa kuzunza munthu. Mu 2020 komiti ya United Nations yoyang'anira panganoli idanena mu General Comment 37, chikalata chofotokoza ndime 21, kuti atolankhani ndi omenyera ufulu akhoza kujambula apolisi, ngakhale zionetserozo zitabalalitsidwa. Kawirikawiri umboni umawonongeka pambuyo pake, foni ikafika kunyumba.

Woweruza amafuna kudziwa kuti zidachitika liti, kuti, ndipo adajambula ndani. Choncho poyamba jambulani malo onse, nyumba kapena chikwangwani chodziwika, kenako muyandikire. Tchulani tsiku ndi nthawi mokweza kuti zimveke m'kanemamo. Nambala ya galimoto ndi nambala ya pa yunifolomu zimathandiza kuposa nkhope, poti ambiri amakhala atavala zipewa zachitsulo. Musamazimitse kamera pafupipafupi: kanema wa masekondi 10 woyambira pakati pa kumenya amapatsa mpata wonena kuti womenyedwayo ndiye adayamba.

Pamene ambiri amagwa mpapa. Fayilo yoyambirira imakhala ndi metadata, zinthu zobisika zosonyeza tsiku, nthawi, mtundu wa foni, nthawi zina ndi malo omwe. Mukaika kanema pa Facebook kapena kumutumiza mwachizolowezi pa WhatsApp, fayilo imachepetsedwa ndipo zambiri mwa izi zimafufutika. Pa WhatsApp, tumizani ngati document, osati ngati kanema wamba. Yoyambirirayo musaidule, musaisinthe dzina, musaikemo mawu kapena nyimbo. Ikopereni malo awiri kunja kwa foni, chifukwa foni imalandidwa, ndipo mulembe m'kabuku aliyense amene mwampatsa fayiloyo, ndi tsiku lake.

Mboni zifunseni tsiku lomwelo, aliyense payekha. Zikakambirana kaye, nkhani zawo zimafanana mopitirira ndipo loya wa mbali inayo adzati zidapangana. Polemba musasakanize "ndidaona" ndi "ndidamva kwa anzanga".

Wovulala apite kuchipatala msanga, atenge lipoti la dokotala. Mikwingwirima ya ndodo imasintha mtundu m'masiku ochepa, kenako nkuzimiririka. Jambulani bala mutaika rula pambali pake, ndi chithunzi china chosonyeza thupi lonse kuti zidziwike kuti balalo nla yani. Istanbul Protocol ya 1999, buku la malangizo la United Nations, ndiyo imatsogolera madokotala polemba za kuzunzidwa. Mfunseni loya wanu ngati lipotilo likufotokoza kugwirizana kwa mabala ndi zomwe wovulalayo akunena.

Chomwe chimatidetsa nkhawa kwambiri nchakuti kanema yemweyo akhoza kugwiritsidwa ntchito posaka ochita zionetsero. Musanaonetse anthu, bisani nkhope za ochita zionetserowo pa kope lina, osati pa fayilo yoyambirira, ndipo wozunzidwayo avomereze yekha atamvetsa bwino zomwe zingamugwere. Akakana, kanemayo akhale kwa loya basi.