Mawu oti "wamuyaya" pa chiliza cha amayi

Mayi wina wa ku Luchenza wanditumizira imelo. Akumanga chiliza cha amayi awo, ndiye akufunsa kuti alembepo "mpumulo wamuyaya", "wosatha" kapena "wachikhalire". Mayi, pepani ndachedwa kuyankha. Funso lanu linanditokosa pachilonda.

Ine ndinakulira m'tsinde mwa phiri la Mulanje. Agogo anga akafuna kunena za chinthu chosagwedezeka ankaloza ku Sapitwa n'kunena kuti, "Lijatu n'lachikhalire." Mu Malichi 2023, Namondwe Freddy atakhuthula mvula masiku angapo osakata, phiri lomwelo linang'ambika. Kunatsika matope ndi miyala ikuluikulu ngati nyumba. Akuluakulu anati wadutsa Napolo, monga anachitira ku Phalombe mu 1991. Manda a kwathu anakokoloka. Chiliza cha agogo, chimene tinasonkherana ndalama za simenti kwa zaka ziwiri, sitinachionenso ngakhale chibenthu chake. Ine ndi amene ndinasankha mawu olembedwa pamenepo, ndipo panali "wamuyaya".

Chichokereni tsiku limenelo mawuwa amandilemera pakamwa. Ndinene mosapsatira, ife Amalawi tinawapeputsa. Mu 1971 Kamuzu anatchedwa Pulezidenti Wamuyaya, dziko lonse n'kuwomba m'manja. Kunabwera riferendamu ya 1993, chisankho cha 1994, ndipo mu 1997 mkuluyo anatisiya. Munthu wopuma mpweya sayenera dzina limeneli, kaya akhale ndani. Ndi la Mulungu yekha.

Ndikukumbukiranso bambo anga tsiku limene analembedwa ntchito yokhazikika ku esiteti ina ya tiyi, atatha zaka akuthyola masamba ngati waganyu. Amayi anapha nkhuku. Ntchito yokhazikikayo inadzatha ndi kalata ya mizere itatu. Bambo omwewo ndi amene ankanyadira nsanamira za mkungudza kuti n'zokhalitsa, chiswe sichiyandikira. Zoonadi n'zokhalitsa, koma kwerani phiri lero mukaone zitsa zimene ocheka matabwa asiya. Mtengo wa fuko lathu umenewo! Mtima umandiwawa ndikaganiza kuti adzukulu anga mwina sadzamva fungo lake.

Ndiye mulembe chiyani?

"Chokhazikika" n'cha ntchito ndi malo okhala. "Chokhalitsa" chimachedwa kutha koma chimatha. "Chikhalire" chimakamba za chinthu chimene chakhalapo kuyambira kale, choncho pa chiliza sichikhala bwino. "Wamuyaya" si mawu olakwika, m'tchalitchi timawamva, koma ine ndikanalemba kuti, "Mzimu wanu uuse mumtendere wosatha." Pamenepo mukupempherera mzimu wa amayi, simukulonjeza kanthu za simenti.

Mmisiri mumuuze azokote zilembo mozama, asangopaka penti. Akamaliza mujambule chithunzi, mutumizire abale angapo asunge. Ife tinalibe ngakhale chimodzi.