Fulemu ikuyasama m'ngodya: kodi vuto ndi makina osalazira?

Bambo wina wa ku Senga Bay, ku Salima, amene amakonda za ukalipentala akaweruka kuntchito, wanditumizira imelo. Anagula makina osalazira matabwa a pabenchi, aja okhala ndi lamba komanso chimbale cha sandipepa cha mamilimita 150. Akuti: "Ndikamapanga mafulemu a mbawa ndimatchera tebulo pa 0, chotsogolera thabwa pa 45, koma ndikalumikiza ngodya yomaliza imayasama. Ndikawabweze makinawa?"

Musawabweze kaye, achimwene. Manambala olembedwa pambali pa tebulo aja musamawadalire, pa makina ang'onoang'ono otere amangokuuzani kuti mwayandikira. Fulemu ili ndi nsonga 8 zodulidwa pa 45. Mukaphonya ndi theka la digiri pa iliyonse, ngodya yomaliza imasenza madigiri 4 onse, ndipo mpata mukuuonawo ndi umenewo.

Zulani pulagi, muyambe mwayesa sikweya yanu. Igundikeni m'mphepete mwa thabwa loongoka, lembani mzere, itembenuzeni, lembaninso pomwepo. Mizere ikapatukana, sikweyayo ndiyo yokhota. Sikweya ikakhala bwino iimikeni patebulo, itsamire chimbale, muone ngati kuwala kukudutsa. Kukamadutsa, masulani chomangira tebulo, konzani, mangani, kenako muyesenso, chifukwa matebulo ambiri amasuntha pa nthawi yomangayo. Tebulolo lidinikizeninso ndi dzanja. Likamawerama, lichirikizeni ndi kathabwa kochokera pabenchi. Mpata wa pakati pa tebulo ndi chimbale usapose mamilimita 2, kuopa kuti tizidutswa tingalowemo.

Chimbalecho chizungulitseni ndi dzanja mutagwira pensulo pafupi. Ikamakhudza pena, pena n'kuphonya, matulani sandipepa muone kunsi. Kawirikawiri mumapeza guluu wakale ndi utuchi, makamaka kunyanjako kumene kutentha kwa mu Okutobala kumafewetsa guluu, pepala n'kuyamba kunyamuka m'mbali. Pukutani ndi palafini, mutsirize ndi sipiriti kuti mafuta asatsale, mumate latsopano.

Chotsogolera thabwa chija ine sindichikonda. Chimagwedera mumsewu mwake, kangalande ka patebulo kamene chimayendamo, ndipo msewuwo nthawi zina suli pa mtunda wofanana ndi chimbale mbali zonse ziwiri. Yesani ndi rula. Mungamate tepi m'mbali mwake kuti chithine, koma chabwino n'kudzipangira chanu: kachidutswa ka pulayiwudu kokhala ndi kamtengo kolowa mumsewu mothina, pamwamba pake mukhomepo kathabwa pa 45. Chiyeseni pa zinyenyeswa zinayi za paini, osati pa mbawa yanu yodula. Zikayasama kunja kapena mkati, sunthani kathabwako pang'onopang'ono mpaka ngodya zonse zitseke.

Tsopano dzanja lanu, pamene pamagona nkhani yaikulu. Muzisalazira mbali imene chimbale chikutsikira pansi, kuti chizikanikizira thabwa patebulo. Mbali inayo imalinyamula. Dziwaninso kuti m'mphepete mwa chimbale mumathamanga kuposa pakati, ndiye thabwa mukaliimika malo amodzi limadyeka kwambiri mbali yakunja, ngakhale zonse mutatchera bwino. Liyendetseni pang'ono uku ndi uko, osakanikiza. Ntchito yodula ndi ya sowo: dulani mosiya milimita imodzi, chekererani nsongayo ndi pensulo, musalaze ndi sandipepa wa 80 kapena 120 mpaka pensulo itafufutika paliponse, basi lekani. Mukaona mbawa ikuda ngati yapsa, pepala latha kapena ladzaza, ndipo pepala lotha ndilo limachititsa munthu kukanikiza. Lamba musamugwiritse ntchito pa ngodya, amatukumuka pang'ono patsogolo pa thabwa n'kubulungiza m'mphepete.

Pali china chimene ambiri amanamizira makina. Matabwa awiri oyang'anizana akasiyana utali, ngakhale ndi milimita imodzi, fulemu siitseka, ngodya zikhale zolondola chotani. Agundanitseni misana muone ngati nsonga zikufanana musanapake guluu. Ndipo mbawa yogula kumene pamsika musaithamangire, iyambe yauma pamthunzi m'nyumba. Thabwa laliwisi limachepa m'mimba likamauma pomwe utali susintha kwenikweni, choncho fulemu yotseka bwino m'dzinja idzayasama chamkati pofika chilimwe.