Mufunseni ndithu achemwali, musaope

Achemwali, mwafunsa ngati kumufunsa mchimwene wanu za kudzipha sikungamupatse maganizo oipawo, poti chiyambireni kumupanikiza ngongole za katapila akumangoti "bola kungofa". Ayi, kufunsa sikuyambitsa zimenezo, ambiri mtima umatsika akaona kuti pali wina wawamva. Mukhale naye awiriwiri, foni muike pambali, mumufunse mosazungulira kuti achimwene, kodi mukuganiza zodzipha? Ndiye mungomvetsera basi, osamukalipira, osamuuza zija za mwamuna salira, mawu amenewa atipweteketsa anthu ambiri.

Ine msuweni wanga tinamutaya choncho. Anayamba kugawa zinthu zake, njinga anapatsa mwana wa aneba, sabata yomaliza amaoneka wosangalala mwadzidzidzi ife n'kumati wachira, mpaka lero ndikaona njinga ija mtima umandiwawa.

Ndiye chonde akavomera kuti akuganizadi, musamusiye yekha makamaka usiku, ndipo mankhwala a m'munda ndi mapilisi muchotse m'nyumbamo mwakachetechete. Mawa lomwe mupite naye kuchipatala cha boma chapafupi mukafunse anamwino oona za matenda a maganizo, kumeneko akaona kuti n'zofunika amatha kumutumiza ku Zomba Mental Hospital. Ngati muli ku Mzuzu kapena ku Lilongwe kulinso St John of God, amapereka uphungu. Mukaona kuti wamwa kale china chake musadikire kuche, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo.

Za ngongolezo itanani amalume kapena wamkulu amene iye amamukhulupirira mukambirane kabwezedwe kake, inunso musasenze nokha. Mutiuzeko mmene ziyendere.