Akuti watumiza ndalama zopitirira, ndimubwezere?

Funso: Zikomo a Nangozo. Ndimakhala ku Navutika. Ndinaika filiji yanga yakale pa Facebook, mtengo K3,500, kuti ndipeze ya lendi. Bambo wina wa ku Lundazi anavomera osanenerera n'komwe. Madzulo ananditumizira screenshot pa WhatsApp, kenako pafoni panga panafika uthenga woti ndalandira K5,300. Akuti anasokoneza manambala, ndimubwezere K1,800 msanga chifukwa ndi ya mankhwala a amayi ake, filijiyo adzatenga dalaivala wake mawa m'mawa. Akungoimba foni kosalekeza. Ndichite bwanji?
— *Mayi wa ana atatu, Chipata*

Yankho: Amayi, musatumize ngakhale ngwee imodzi, filijinso isatuluke pakhomo. Imbani nokha *115#, kaya muli pa Airtel Money kaya MTN MoMo, muone balansi yanu. Ndingabetche chitenje changa kuti mupeza zomwe zija munali nazo dzulo.

Ine ndimakhala m'booth pafupi ndi msika wa Kapata, ndipo nkhani yanuyi imafika pawindo langa kawirikawiri, chimangosintha ndi katundu: lero filiji, mawa njinga, mkuja belo la salaula. Screenshot mwana wa giredi 7 akhoza kuikonza pafoni. Uthenga umene mwalandirawo uyang'anitsitseni pamwamba. Weniweni umabwera ndi dzina la kampani, umagwera mumzere umodzimodzi ndi mauthenga akale a ndalama zanu, ndipo umakhala ndi nambala ya transaction pamodzi ndi balansi yatsopano. Wabodza nthawi zambiri umachokera ku nambala ya munthu wamba, ya 097 kapena 096, mawu ake ongokopera. Koma musadalire zimenezi zokha, alipo ochenjera amene amanamizira ngakhale dzina la wotumiza. Chimene sangakhudze ndi balansi imene mwafunsa inu mwini ndi zala zanu.

Taonaninso khalidwe la bamboyu. Munthu wa ku Lundazi wogula filiji yakale imene sanaione, sanamve ngati ikulira bwino, osapempha n'komwe kuti mumuchotsereko K200? Kuno kwathu ngakhale tomato wa K5 timanenerera. Kufulumizako nako ndi dala. Amayi odwala, mafoni osalekeza, zonsezo akufuna kuti musapeze mpata woganiza kapena wofunsa mnzanu.

Nanga ndalamazo zikapezekadi? Ngakhale apo musabweze nokha. Muuzeni aimbe ku kampani yake ya foni apemphe reversal, ndiyo njira ya amene walakwitsa potumiza. Chifukwa chake n'chakuti mukamutumizira K1,800 kuchokera m'thumba lanu, iye akhoza kukadandaulanso kuti K5,300 yonse inapita molakwika, n'kuibweza. Inu mwataya kawiri. Nthawi zina ndalamazo si zake n'komwe: wanamiza munthu wina ku Petauke kuti atumize ku nambala yanu, inu mwapereka katundu kwa dalaivala, ndipo wobedwayo akapita ku polisi dzina limene likuoneka ndi lanu. Izi ndizo zimandiwawa kwambiri, chifukwa mayi wosalakwa amayamba kufotokoza ngati wakuba.

Akaona kuti mwakana, yembekezerani foni ina. Adzaimba wina wa mawu aulemu, nkumati ndi wa customer care, akuthandizeni “kumasula” ndalama zimene zatsekeka. Adzakuuzani manambala oti mudine, kapena pafoni padzatulukira bokosi lofuna PIN. Polandira ndalama safuna PIN. Mukaika PIN m'bokosi lotulukira lokha chonchi, ndalama zikutuluka. Wantchito weniweni wa kampani sakufunsani PIN, ngakhale ine wa m'booth ndimatembenuka kasitomala akamadina yake. Chimodzimodzi ndi manambala 6 aja amene WhatsApp imatumiza pa SMS: mukapereka, wakulandani akaunti, ayamba kupempha ndalama abale anu m'dzina lanu.

Nambala yake ikanenezeni ku ZICTA, bungwe loyang'anira za mafoni m'Zambia, poimba *707#, mauthengawo musafufute. Ngati pali ndalama imene yapita kale, imbani ku kampani yanu ya foni nthawi yomweyo, kenako mupite ku polisi ndi foniyo. Masimu amalembetsedwa ndi chitupa cha NRC, koma akubawa amakonda kugwiritsa ntchito olembetsedwa m'maina a anthu ena, n'chifukwa chake ndalama zikatapidwa kuzipeza n'kovuta.

Filijiyo igulitseni ndithu, ogula enieni alipo. Wofuna abwere masana aione ikugwira ntchito, pakhomo pakhale munthu wina wamkulu, musakhale nokha ndi ana. Akalipira pafoni, tsikirani limodzi ku booth mukatape kaye, kenako akweze. Akanena za banki, kapepala ka depoziti si umboni. Dikirani mpaka ndalama zioneke mu akaunti yanu kuti mukhoza kuzitapa. Katundu wamng'ono ngati foni, kumanani pamalo a anthu ambiri, ku Saturday Market kapena ku Down Shops. Ndipo popeza boda ya Mwami ili pafupi, wogula wochokera ku Mchinji mugwirizane poyamba kuti mukunena kwacha ya dziko liti. K3,500 ya ku Malawi singakugulireni ngakhale thumba la makala.